Musanagulire Mwana Zida za Disiko, Yambani Mwaona Bwalo Limene Zikagwirepo Ntchito

Mvula ikasiya, chimanga chikalowa m'nkhokwe, nandolo n'kuyamba kukhwima m'minda, midzi yozungulira msika wa Nkando m'boma la Mulanje imakhala pa kalikiliki Loweruka lililonse. Uku chinkhoswe, uko ukwati, kwinaku anamwali akutuluka, kusukulu akutsekera teremu, kubwalo la mpira kuli mpikisano. Pa zochitika zonsezi pamafunika munthu wina amene kale sankawerengedwa pokonza mwambo, ndiye mnyamata wobwera ndi masipika pa njinga kapena pa kagalimoto ka hayala, amene anzake amamutcha DJ.

Nkando ali pa msewu wa Midima umene umachokera ku Limbe kupita ku Mulanje. Tasankha malowa kaamba koti akufanana ndi misika imene awerengi athu akuidziwa bwino, monga Namwera, Malindi kapena Chipoka. Mawaya a magetsi amatsata msewu waukulu ndi sitolo za pamsika, pamene ntchito yambiri ya DJ ili m'midzi ya m'kati, yofikako pa msewu wafumbi, kumene kulibe polumikiza waya. Chida chimene chingapirire midzi ya ku Nkando chingapirirenso ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota.

Mabanja ambiri akuganizira geni imeneyi. Mwana wamaliza Fomu 4, ntchito palibe, mchimwene wake amene ali ku Joni walonjeza kutumiza ndalama kapena zida, ndipo makolo akuti bola akhale ndi chochita kusiyana n'kumangoswera pamsika. Ganizoli ndi labwino. Vuto limabwera pogula. Mnyamata akalowa m'sitolo ku Limbe, maso ake amathamangira bokosi lalikulu koposa onse, la timagetsi tophethira ndi nambala yoopsa pachikuto. Pakatha miyezi yowerengeka sipika yapsa, amupulifaya ili kwa okonza, ndipo mpamba wa banja walowa m'madzi. Ife tikuti kagulidwe kayambire pa bwalo limene zidazo zikagwirepo ntchito: choyamba magetsi, chachiwiri mawu a munthu, chachitatu masipika, kenaka kasungidwe ka nyimbo kosachititsa manyazi pagulu.

KUCHOKERA PA GUMBAGUMBA KUFIKA PA FULASHI

Ntchito yoliza nyimbo pa zisangalalo si yachilendo kuno kwathu. Agogo athu amene adapita kukagwira ntchito ku Joni ndi ku Rhodesia kudzera ku Wenela ndi Mthandizi adabwerako ndi magalamafoni opukusa ndi dzanja, pamodzi ndi zimbale zosachedwa kusweka zozungulira ka 78 pa mphindi. Kenaka kudadza gumbagumba wa mabatire woliza tizimbale ta 45, ndipo simanjemanje wa ku Joni ndi rumba ya ku Zaire zidavinidwa m'midzi mpaka fumbi koboo. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 kampani ya Nzeru idayesa kutulutsa zimbale za oimba a kuno, koma siidakhalitse. Chimbale chidali ndi adani atatu: dzuwa linkachipinda, fumbi linkachikanda, ndipo ovina akaponda mwamphamvu pafupi, singano inkadumpha.

Kaseti, imene kampani ya Philips idatulutsa mu 1963, ndiyo idafikitsa nyimbo pa khomo lililonse. M'zaka za m'ma 1990 nyimbo zojambulidwa ku Balaka mu situdiyo ya a Paul Banda, pamodzi ndi zina zambiri, zinkafalitsidwa pa makaseti kudzera m'sitolo za O.G. Issa mu mzinda wa Blantyre, mavenda n'kuzifikitsa m'misika ya kumudzi. Woliza nyimbo wa nthawi imeneyo ankayenda ndi katoni ya makaseti, wailesi ziwiri, batire la galimoto, ndi cholembera chopukusira tepi ikatafunidwa. CD idayamba kugulitsidwa ku Japan mu 1982, idafika kwathu mochedwa, ndipo ufumu wake udali waufupi. Inkamveka bwino, koma ikangokandika inkachita chibwibwi pakati pa nyimbo. Idagonja kwa MP3, njira yopanikiza nyimbo kuti itenge malo ochepa, imene akatswiri a ku Fraunhofer m'dziko la Germany adathandiza kukonza ndipo idakhazikitsidwa mu 1993. Lero nyimbo zimene zikadadzaza ngolo ya makaseti zikukwana m'kafulashi kochepa ngati chala.

Mbiri imeneyi ikutiphunzitsa chinthu chimodzi. Chida chimene chimakhalitsa kwathu kuno ndi chimene chimapirira fumbi, dzuwa ndi mabampu a msewu, ndiponso chimene amisiri a pafupi angathe kukonza. Muyezo womwewo ndiwo tigwiritse ntchito pa chilichonse chimene tikufuna kugula.

YAMBANI NDI MAGETSI

Kalembera wa anthu wa 2018 adapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha mwa 100 alionse m'dziko muno ndiwo ankaunikira ndi magetsi, ndipo ambiri mwa iwo adali a m'tauni. Ngakhale kumene mawaya a ESCOM adafika, munthu sangalumbire kuti magetsi akhalapo tsiku la ukwati. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuzimazima kwa magetsi kudasautsa anthu kwa nthawi yoposa chaka. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adagwetsa mapolo ndi kudula misewu ku Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi Blantyre. Tsono DJ wopanda magetsi akeake ali ngati msodzi wodalira bwato lobwereka: tsiku limene usipa wagwa, mwini wake amalifuna.

Njira zilipo ziwiri, jenereta kapena batire. Pogula jenereta musanyengedwe ndi nambala ya kVA yolembedwa pathanki. Amisiri amawerengera kuti jenereta ya 2.5 kVA imapereka mawati pafupifupi 2,000, ndipo si bwino kuisenzetsa mpaka pakhosi. Siyani gawo limodzi mwa magawo atatu lopanda katundu, chifukwa besi ikagunda amupulifaya imakoka mphamvu mwadzidzidzi. Funsani ngati jeneretayo ili ndi AVR, kachida koletsa magetsi kukwera ndi kutsika, pakuti zida zathu zidapangidwira mavoti 230 ndipo kukwera kwadzidzidzi ndiko kumapsereza mikisa ndi laputopu. Gulaninso waya wochindikala wa mamita 20 kapena 30, kuti jenereta izikhala kutali, panja, kumene mphepo ikulowera. Utsi wake uli ndi mpweya wakupha wosanunkha, motero isaikidwe m'nyumba, m'kalasi kapena m'tenti, ngakhale kukuwaza mvula.

Batire lili ndi ubwino wake: silichita phokoso ndiponso silifuna petulo, amene adasowa kwambiri m'dziko muno mu 2022 ndi mu 2024. Masamu ake ndi apafupi. Batire la mavoti 12 lolembedwa 100Ah limasunga mphamvu yokwana mawati 1,200 pa ola limodzi, koma batire la mtovu likamakhuthulidwa kupitirira theka silichedwa kufa. Choncho werengerani 600. Zida zokoka mawati 150 zingayende maola osapitirira anayi. Zimenezi zikukwanira msonkhano wa amfumu, maliro kapena nikah ya masana, koma gule wochezera sizingamufikitse m'bandakucha. Batire la galimoto lidapangidwira kuliza injini kwa kamphindi, ndiye pa ntchito imeneyi gulani la sola. Inveta yotsika mtengo imalowetsa kulira kwa njuchi m'masipika, pamene yolembedwa kuti pure sine wave imapereka magetsi osalala.

Pali lamulo limodzi limene mwana wanu aloweze pamtima. Jenereta iyambe yalira ndi kukhazikika zida zisanalumikizidwe, amupulifaya iziyatsidwa pomalizira ndi kuzimitsidwa poyambirira, ndipo mafuta asathere m'thanki nyimbo zili m'kati, chifukwa jenereta ikamatsomola pothera mafuta magetsi amalumphalumpha.

MAWU A MUNTHU NDIWO AMALIPIRA

Achinyamata amaganiza kuti DJ amaitanidwira nyimbo. Koma tiyeni tione ukwati wakwathu. Gawo lalikulu la tsikulo ndi perekani-perekani: wotsogolera mwambo aitana akuchimuna, aitana akuchikazi, aitana anzake a mkwati akumsika, ndipo gulu lililonse limanyamuka likamva dzina lake. Nyimbo ikamveka mosakoma anthu amangong'ung'udza. Dzina la ankhoswe likapanda kumveka, ndalama za akwati zimachepa, ndipo DJ ameneyo saitanidwanso m'mudzimo.

Ndiponso ntchito zambiri za chaka n'zopanda gule. Pa nikah pamafunika kuti khutba ndi dua za a shehe zimveke kwa amayi amene akhala chapatali. Pa maliro, pa sadaka, pa ziyala, pa mwambo wa ana a madrasa, pa msonkhano wa makolo kusukulu, ngakhale alangizi a zaumoyo akamalengeza za katemera, chofunika ndi liwu lomveka bwino. M'miyezi ya mvula maukwati amachepa, ndipo m'mwezi wa Ramadhan mabanja athu sachita zisangalalo zaphokoso. Amene ali ndi maikolofoni abwino amapezabe ganyu m'nyengo zimenezi, pamene wa besi yekhayekha amakhala manja lende.

Motero gulani maikolofoni awiri a waya, a mtundu wa dynamic, olimba, otenga mawu ochokera kutsogolo kokha. Shure SM58, imene idatuluka mu 1966, idatchuka dziko lonse chifukwa cha kupirira kugwa, koma zachinyengo zodindidwa dzina lomwelo zilipo zambiri, ndiye mtengo ukatsika modabwitsa dziwani kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Maikolofoni opanda waya amathandiza wotsogolera mwambo kuyendayenda, koma amadya mabatire ndipo nthawi zina amadula mawu. Wa waya azikhalapo nthawi zonse ngati mlonda. Mawaya ake akhale a mapini atatu otchedwa XLR, amene salowetsa phokoso ngakhale atatalika.

Mikisa isakhale yaikulu ngati thebulo. Ya matchanelo anayi kapena asanu ndi limodzi ikukwanira maikolofoni awiri, laputopu ndi foni. Chachikulu ikhale ndi polumikiza mahedifoni, kuti DJ azimva yekha nyimbo yotsatira isanatuluke pagulu. Kulira kwa tswiii kumene kumaboola makutu kumadza maikolofoni akayang'anizana ndi sipika. Mankhwala ake ndi aulere: masipika akhale kutsogolo kwa olankhula atafulatira iwo, ndipo wolankhula asafumbate mutu wa maikolofoni.

MASIPIKA NDI NKHANI YA MAWATI

Pa makatoni ambiri pamalembedwa mawati zikwizikwi, pambali pake timalemba ting'onoting'ono takuti PMPO. Nambala imeneyi ndi yokopera ogula basi. Yoyenera kufunsa ndi ya RMS, imene imasonyeza mphamvu imene sipika kapena amupulifaya ingapirire kwa nthawi yaitali. Wogulitsa akalephera kukuonetsani nambala ya RMS, pitani sitolo ina.

Dziwaninso kuti khutu silimva mawati monga m'mene thumba limawamvera. Kuwirikiza kawiri mphamvu ya amupulifaya kumangowonjezera madesibelo atatu, kusintha kochepa ndithu. Kuti phokoso limveke ngati lawirikiza kawiri pamafunika mphamvu yochuluka pafupifupi kakhumi, kuchoka pa mawati 100 kufika pa 1,000. Ndiye ndalama zambiri zothamangitsira mawati zimagula kusintha kochepa, pamene kuika masipika pamalo oyenera kumasintha zambiri popanda kulipira. Pabwalo lopanda makoma, mtunda ukawirikiza kawiri phokoso limatsika ndi madesibelo asanu ndi limodzi. Ndiponso matupi a anthu amameza mawu. Sipika yoikidwa pansi imagonthetsa ana a kutsogolo, agogo a kumbuyo osamva kanthu. Ikwezeni pa chitsulo chake kapena pa thandala lolimba kuti ipose mitu ya anthu, ndipo mawu adzafika kumapeto kwa bwalo.

Masipika alipo a mitundu iwiri. Ena ali ndi amupulifaya m'kati mwake: salira mawaya ambiri, savuta kulumikiza, ndipo abwino amadziteteza okha akatentha. Koma amupulifaya ya m'katimo ikafa bokosi lonse limagona, ndipo zipangizo zake mwina sizipezeka pafupi. Ena ndi opanda amupulifaya, ndipo mabokosi ake akalipentala akwathu amakhoma okha. Awa ndi olemera, koma twita kapena wufa ikapsa mmisiri amasintha kapena kukulunga koyilo ina. Kwa munthu wa ku Nkando, amene Limbe ali naye pafupi, mitundu yonse iwiri ingatheke. Kwa wa ku Makanjira, kutali ndi sitolo za zipangizo, wanzeru amasankha chimene mmisiri wa pamsika wakwawo angatsegule.

Amene wasankha mtundu wachiwiriwu aphunzire masamu a ma ohm. Masipika awiri a ma ohm 8 akalumikizidwa pamodzi pa waya mmodzi amasanduka ma ohm 4. Atatu amatsika kufika pa 2.7, anayi pa 2. Maamupulifaya ambiri salola kutsika kupitirira 4 mbali iliyonse, ndiye chizolowezi chomangowonjezera mabokosi obwereka ndicho chimawapsereza. Chinanso, kanyali kofiira kolembedwa clip kakamayaka kosalekeza, ndiye kuti amupulifaya yafika pamapeto, mawu akutuluka ophwanyika, ndipo matwita ali pafupi kupsa. Akuluakulu adati ng'oma yoliritsa siichedwa kung'ambika.

Kwa woyamba kumene, masipika awiri a mainchesi 12 kapena 15 okwezedwa m'mwamba akukwanira ukwati wa pamudzi. Bokosi la besi lidzabwere geni ikayamba kubweza ndalama. Chimene tikulimbikitsa kuwonjezera msanga ndi honi imodzi kapena ziwiri, zonga zimene timaziona pa mizikiti, zopangidwa ndi makampani monga Ahuja ya ku India ndi TOA ya ku Japan. Honi siikometsa nyimbo, koma imaponya liwu la munthu kutali ndi mphamvu yochepa, siopa mvula, ndipo imayenda ndi kaamupulifaya ka batire la mavoti 12. Pa maliro ndi pa misonkhano palibe choiposa.

NYIMBO ZISUNGIDWE PATI?

Lero DJ angalize nyimbo kuchokera pa laputopu, pa fulashi kapena pa foni. Laputopu yokhala ndi pulogalamu yonga VirtualDJ, imene idatuluka mu 2003, imalola kufufuza nyimbo mwachangu ndi kulumikiza ina kumapeto kwa inzake popanda kusiya mpata. Kuipa kwake ndi mtengo, fumbi lolowa m'kati, ndi akuba. Fulashi yolowetsa mu mikisa kapena mu sipika ndi yotsika mtengo ndi yolimba, koma kupeza nyimbo imene gulu la akuchikazi lapempha pakati pa nyimbo chikwi ndi ntchito yotopetsa. Foni ndi yothandiza pa ngozi. Ikalumikizidwa pa Bluetooth mawu amaduka munthu akatalikira mamita khumi, ndipo wina akaimba foni mudzi wonse umamva. Ngati mwagwiritsa ntchito foni, ilumikizeni ndi waya ndipo muitseke kuti isalandire mafoni. Kudalira intaneti tsiku la mwambo ndi kuika mbiri yanu m'manja mwa netiweki ndi bandulo.

Langizo lathu ndi lakuti nyimbo zonse zikhale m'malo atatu: pa laputopu, pa fulashi ya m'thumba, ndi pa fulashi ina yotsala kunyumba imene siilowetsedwa m'kompyuta za anthu ena. Mavairasi ambiri amalowa pamene fulashi yapita kwa obena nyimbo pamsika. Zoliza zambiri zotsika mtengo zimawerenga fulashi yokonzedwa mwa njira ya FAT32 yokha, ndiye yesani fulashi iliyonse kunyumba musananyamuke.

Nyimbo za MP3 nazo zimasiyana kulemera. Ya 128 kbps imatenga pafupifupi megabaiti imodzi pa mphindi, pamene ya 320 kbps imatenga 2.4. Pa kasipika ka foni kusiyana kwake sikumveka, koma pa masipika aakulu nyimbo yopanikizidwa kwambiri imamveka ngati ikuchokera m'chitini, ndipo DJ amayamba kukweza voliyumu ndi matwita pofuna kubisa vutolo, mapeto ake n'kupsereza zida. Malo si vuto masiku ano: fulashi ya 32GB imasunga nyimbo zoposa 2,500 za mphindi zisanu pa 320 kbps. Sankhani 192 kupita m'mwamba. Nyimbo yochotsedwa pa kanema kapena yojambulidwa ndi foni pa wailesi yataya kale ubwino wake, ndipo kuisandutsa 320 sikuubweza, monga m'mene madzi othiridwa mu mkaka sangatsanulidwenso.

Makaseti ndi ma CD akale musataye. Nyimbo zambiri za oimba athu, ngakhalenso zikiri ndi kaswida za magulu a m'midzi, zidatsalira pa makaseti okha. Waya mmodzi wochokera pa wailesi kupita pa kompyuta ukukwanira kuzisamutsa tepi isanaonongeke ndi chinyezi.

NYIMBO ZAKE ZITI, NDIPO MWINI WAKE NDANI?

Kusanja nyimbo ndi theka la ntchito. Dera la Nkando kuli Alhomwe, Amang'anja ndi Ayao, Akhristu ndi Asilamu, ndipo chikondwerero cha Mulhako wa Alhomwe chimachitikira pa Chonde m'boma lomwelo. DJ wa kumeneko Loweruka lino ali pa ukwati wa kutchalitchi, Loweruka linalo pa nikah, mkuja pa mwambo wa tchopa. Azikhala ndi mafoda osiyana a mwambo uliwonse, ndi nyimbo za misinkhu yonse. Nyimbo yakale siifa: Linny Hoo ya a Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu, boma loyandikana ndi Mulanje, idaimbidwanso pamodzi ndi a Patience Namadingo mu 2020, ndipo pambuyo pake idafalikira maiko ambiri kudzera pa TikTok.

Pa miyambo ya mabanja athu pafunika kusamala kwapadera. Mabanja amasiyana: ena amalola kaswida ndi dufu zokha, zonga zimene Radio Islam yakhala ikuulutsa chiyambire mu 2001, ena amalola nyimbo zina zaulemu, ena safuna nyimbo konse koma maikolofoni basi. Si ntchito ya DJ kugamula nkhani imeneyi. Ntchito yake ndi kukhala pansi ndi eni mwambo kudakali sabata, kulemba zimene akufuna ndi zimene sakufuna, ndi kuzitsata ngakhale anyamata a kumbuyo akuwe. Safunsa adadya phula. Kuwerenga kwa Qur'an ndi dua zikhale pa fulashi yakeyake yolembedwa chizindikiro, ndipo batani losankha nyimbo mwachisawawa likhale lozimitsa. Palibe manyazi oposa nyimbo yotukwana kutulukira a shehe atangomaliza dua, apongozi ali pompo.

Nyimbo zilinso ndi eni ake. Bungwe la COSOMA lidakhazikitsidwa mu 1992 potsatira lamulo la 1989 loteteza ntchito za aluso, ndipo lamulolo lidalowedwa m'malo ndi latsopano mu 2016. Kuliza nyimbo za ena pagulu pofuna kupeza ndalama kumafuna chiphaso. Kafunseni ku COSOMA za chiphaso choyenera geni yanu, ndipo mtengo wake muuwerengere mu mpamba. Woimba adatuluka thukuta ngati mlimi, ndipo kudyera thukuta la mnzako popanda kumupatsa gawo lake si malonda oyera.

MAKUTU A ANA NDI MTENDERE WA ANANSI

Bungwe la World Health Organization lidachenjeza kuti achinyamata oposa biliyoni imodzi a zaka 12 mpaka 35 ali pa chiopsezo chogontha chifukwa cha phokoso la zisangalalo ndi mahedifoni. Muyezo wake ndi wakuti munthu wamkulu angamve madesibelo 80 kwa maola 40 pa sabata popanda vuto, koma pa madesibelo 100 nthawi yake imatsika kufika pa mphindi pafupifupi 20. Mu 2022 bungweli lidalangiza kuti malo a zisangalalo asapitirire madesibelo 100.

Tiyeni tibwerere ku masamu a mtunda aja. Sipika yotulutsa madesibelo 110 pa mita imodzi imapereka 104 pa mamita awiri, 98 pa anayi, 92 pa asanu ndi atatu, ndi 86 pa mamita 16. Akuluakulu okhala patali amamva bwinobwino, koma amene amavina atakumbatira sipika ndi ana aang'ono, ena atabereka makanda kumbuyo. Tinthu ta m'kati mwa khutu timene timamva mawu tikafa sitimeranso, ndipo mwana wosamva bwino amavutika m'kalasi ndi ku madrasa, aphunzitsi n'kumamuyesa wamwano. Kukweza masipika m'mwamba ndi kumanga chingwe mamita awiri kapena atatu kutsogolo kwake kumateteza ana amenewa. DJ mwini wake, amene amakhala m'phokoso sabata ndi sabata, akamva makutu akulira akafika kunyumba adziwe kuti wapyola muyezo.

Anansi nawo ali ndi ufulu. M'mudzi muli odwala, muli ana olemba mayeso, muli ofedwa. Gwirizanani ndi eni mwambo ndi amfumu za ola lotsekera musanayambe. Adhana ikamveka nyimbo zileke mpaka swala ithe, ndipo ngati pafupi pali tchalitchi chimene chili m'mapemphero, ulemu ukhale womwewo. Masipika aziloza kwa oitanidwa, asaloze ku nyumba za eni mudzi.

MPAMBA USAMALIDWE

Zida zonsezi zimachokera kunja, ndipo mtengo wake umayenda ndi ndalama zakunja. Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Chida chimene chapsa chifukwa cha kusasamala chimagulidwanso pa mtengo wokwera kuposa woyamba. Ku Mulanje mdani ndi chiperoni, kamvula ka m'miyezi yozizira kamene kamanyowetsa mapepala a masipika ndi kuchititsa dzimbiri polumikizira mawaya. Kunyanja adani ndi kutentha, mchenga ndi mphepo ya mwera imene ingagwetse sipika yokwezedwa. Lona, mabokosi a matabwa okhala ndi siponji m'kati, ndi mthunzi wa amupulifaya ndi mbali ya mpamba, sizinthu zodzaganizira pambuyo.

Musanalipire, yesani chida chilichonse m'sitolo momwemo ndi nyimbo yanu ndi maikolofoni anu, ndipo mutenge lisiti. Ngati m'bale wa ku Joni ndiye akugula, mutumizireni mndandanda wolembedwa, kuti asatumize bokosi lalikulu limene njinga singanyamule ndipo jenereta yanu singalikwanitse. Kumbukirani kuti mapulagi a ku South Africa ndi a mapini ozungulira pamene athu ndi a makona, ndiye asinthidwe ndi mmisiri m'malo molowetsa mawaya osavala m'soketi.

Mwana ayambe waphunzira kwa DJ wodziwa kwa miyezi ingapo, akunyamula mabokosi ndi kukulunga mawaya, banja lisanatulutse ndalama. Akayamba yekha akhale ndi kope lolembamo ganyu aliyense, mafuta, mayendedwe ndi zotsala, ndipo gawo lina lizisungidwa la kukonzetsa zida. Ndalama zikachepa, gulani motsatana motere: magetsi odalirika, maikolofoni awiri ndi mikisa yaing'ono, honi ndi masipika awiri, mafulashi osanjidwa bwino, laputopu, ndipo besi pomalizira. Amene wayamba chotere angagwire ntchito pa maliro Lachitatu, pa msonkhano wa kusukulu Lachisanu ndi pa ukwati Loweruka, ndipo bokosi la besi lija adzaligula ndi phindu lake, mpamba wa makolo uli chikhalire.